Ndalama za chitukuko za magulu kuno ku Tete, Mozambique: mafunso ndi mayankho

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Moatize ndi konse mchigawo chathu chino, mafunso awa ndi omwe anthu amandifunsa kawirikawiri tikakumana pa misonkhano ya magulu, ena pamsika, ena pa foni usiku. Nde ndati ndingowayankha pamodzi kuti wina akafunsanso muzingomuonetsa. Zina ndayankha mwachidule, koma nkhani ya misonkhano ndatalikitsa dala chifukwa ndi pamene ambiri timaluzira.

Kodi ndi zoona kuti kuboma kuli ndalama zoti gulu la kumudzi litha kupempha?

Zoona, koma si thumba limodzi ayi, ndipo anthu ambiri amabwerako manja lendelende chifukwa choti anagogoda khomo lolakwika. Pali ndalama zomwe boma la distirito limaika mu pulani yake ya chaka ija amati PESOD, zomangira mijigo, zipinda za sukulu, timilatho ndi misewu ya fumbi. Izi gulu silizigwira m'manja, inu mumangomenyera kuti chosowa chanu chilowe mu pulanimo. Pali za ngongole zothandiza bizinesi ndi ulimi. Pali 2.75% ya msonkho wa migodi yopita ku madera okhala ndi migodi. Pali 20% ya misonkho ya nkhalango ndi nyama zakutchire. Ndiye omwe muli m'matauni oyendetsedwa ndi munisipiyo (khonsolo ya tauni) muli ndi njira yanuyanu. Musananyamuke kupita ku ofesi khalani pansi kaye mufunsane kuti chomwe tikufunachi chikugwera thumba liti.

Nanga zija za 7 miliyoni zinathera kuti?

Zija zinayamba mu 2006 nthawi ya pulezidenti Armando Guebuza, distirito iliyonse inkalandira mametikali 7 miliyoni pachaka, akuluakulu ena mpaka pano amati 7 biliyoni chifukwa chaka chomwecho ndi chomwe ndalama inasintha nkuchotsa maziro atatu. Mu 2009 anazipatsa dzina loti Fundo de Desenvolvimento Distrital. Cholinga chinali kuchulukitsa chakudya ndi kupezetsa anthu ntchito, ndipo inali ngongole, munthu atenge, agwiritse ntchito, abweze kuti mnzake atengenso. Vuto nloti ambiri sanabweze. Ena ankati ndi ndalama za boma palibe angandimange, ena bizinesi inawagwera zoona, ena ndi omwe sankayenera nkomwe kulandira. Thumba losabwezeredwa limauma, nde linazilala choncho.

Mu 2025 boma la pulezidenti Daniel Chapo linakhazikitsa thumba lina, Fundo de Desenvolvimento Económico Local, mwachidule FDEL, lopita m'madistirito ndi m'mamunisipiyo, ndipo achinyamata ndi omwe akuikidwa patsogolo. Nalonso ndi ngongole. Ndikubwereza chifukwa ndamva kale anyamata ena akukamba ngati ndi za ulere. Mukatenga osabweza mukutsekera mng'ono wanu yemwe akudikira chaka chamawa, ndipo inenso ndikakhala pa msonkhano wosankha sindingakuikireni kumbuyo.

Amasankha ndani kuti mudzi uno uyambe walandira mjigo osati mlatho?

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. Lamulo la maboma ang'ono la mu 2003, pamodzi ndi malangizo ake a mu 2005, linaika ma konselyo a uphungu (makomiti olangiza boma) pa magawo anayi: pa povoasao (mudzi), pa lokalidade (midzi ingapo), pa posito (malokalidade angapo), kenako pa distirito. Nkhani imayenera kuyambira pansi kukwera. Tinene muli ku Dómuè, anthu a m'mudzi mwakambirana kuti vuto lalikulu ndi madzi, nkhaniyo ipite ku konselyo ya lokalidade, kuchoka apo ikafike kwa a shefi a posito, kenako ku Ulónguè komwe konselyo ya distirito imakhala ndi a administiradolo. Chimodzimodzi wa ku Ntengo-wa-Mbalame nkhani yake imakathera ku Tsangano, wa ku Chidzolomondo ku Furancungo. Mu konselyo mumakhala mafumu, azipembedzo, alimi, amalonda, ndipo malamulo amati amayi asachepere 30% ya mamembala, achinyamata nawonso akhalemo.

Tsopano chomwe chimachitika nchoti pa msonkhano woyamba uja, wa pansi pa mtengo kapena mkalasi la sukulu, anthu sapita. Amati ndi za mafumu. Amapitako anthu owerengeka, amuna okhaokha, ndipo amene ali ndi njinga yamoto amakamba za msewu, amene ali ndi ng'ombe amakamba za dibi, pomwe amayi omwe amadzuka tambala woyamba kukadikira madzi pa chitsime cha kudambo ali kumunda kapena akuphika. Pepala likalembedwa tsiku limenelo madzi mulibe. Chaka chikatha timayamba kudandaula kuti boma latiiwala, chikhalirecho boma linawerenga zomwe zinalembedwa.

Ine ndinakhalapo pa msonkhano wina pomwe mayi wina wachikulire anabwera ndi chigubu cha madzi omwe anatunga m'mawa womwewo, ofiira ngati thobwa, nkuchiika patebulo pamaso pa alembi osanena zambiri. Anangoti lembani kuti ana athu akumwa awa. Tsiku limenelo panalibe wotsutsa, madzi anakhala nambala wani pa mndandanda, ndipo mayi aja sanachoke mpaka alembi atawerenga mokweza zomwe alemba. Chomalizachi ndi chomwe ndikufuna mutengere. Pepala la zokambirana lija amati akita liwerengedwe pamaso pa onse, likhale ndi tsiku, maina a omwe anabwera, osadziwa kulemba adinde chala, ndipo gulu lanu lijambule ndi foni kapena likopere mu kaderno yanu. Kumtunda kuja sakumva mawu anu, akuona pepala basi.

Ndipo musalembe zinthu khumi zonse ngati zofanana. Gwirizanani chimodzi kapena ziwiri, mukangane mokwanira konkuno, kuti pokafika ku lokalidade mukalankhule mawu amodzi.

Ine si mfumu komanso si membala wa konselyo, ndingakalankhule?

Pa msonkhano wa m'mudzi mutha kulankhula, ndi wanu. Ku magawo a kumtunda amalankhula ndi mamembala, nde dziwani kuti amene amaimira dera lanu ndi ndani, mumupeze msonkhano usanachitike, ndipo akabwerako mumufunse kuti zinatha bwanji. Ambiri sitidziwa nkomwe dzina la amene amatiimira. Funsani a mfumu, a nyakwawa kapena a shefi a lokalidade, akuuzani. Ma konselyo amayenera kukumana kosachepera kawiri pachaka, ndipo chaka cha ndalama za boma chimayamba mu Januwale kutha mu Disembala, kutanthauza kuti za chaka chamawa zimakonzedwa chaka chino. Mukabwera ndi pempho mvula itayamba, pulani mwaipeza itatsekedwa kale.

Gulu lathu takhala tikugwira ntchito zaka zambiri koma sitinalembetse. Zikufunika?

Zikufunika ngati mukufuna kulandira ndalama m'dzina la gulu kapena kutsegula akaunti ku banki. Uthenga wabwino ndi woti magulu a alimi ndi oweta ziweto anawafewetsera. Decreto-Lei 2/2006 imalola kuti asosiyasao ya alimi ivomerezedwe konkuno ku distirito kapena ku posito, osachita kupita ku Tete kapena ku Maputo. Mukhale anthu osachepera 10, mukhale ndi malamulo a gulu olembedwa, dzina la gulu, komwe mumakumana, ndi atsogoleri osankhidwa. Pitani ku ofesi ya zaulimi ija ya SDAE, alangizi amadziwa mafomu ake. Magulu omwe si a ulimi, monga a achinyamata, a zamasewera kapena osamalira ana amasiye, amatsata lamulo la mabungwe la mu 1991, nalonso limafuna anthu 10 koma njira yake ndi yotalikirapo.

Langizo langa, musasonkhanitse maina a abale anu okhaokha kuti mungokwanitsa 10. Gulu la bambo, mayi, ana ndi apongozi anthu amalidziwa, ndipo ku konselyo kumakhala anthu a m'dera lomwelo oti simungawanamize.

Mapepala ofunika ndi ati?

Bilyeti (chitupa cha unzika) ya aliyense mwa atsogoleri, nambala ya msonkho ija ya NUIT, chikalata chosonyeza kuti gulu linavomerezedwa, akita ya msonkhano womwe munagwirizana zopempha, kalata ya a mfumu kapena a sekeretariyo a bairo (dera la m'tauni) yotsimikiza kuti ndinu a kumeneko, ndi pulojeto yeniyeniyo. Thumba lililonse litha kuwonjezera zake nde funsani mndandanda ku sekeretariya ya distirito musanayambe kujambulitsa.

Kuno kumalire nkhani ya bilyeti imativuta, ambiri anabadwira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza makolo atathawa nkhondo, anabwerera mtendere wa mu 1992 utabwera koma mapepala sanalongosole mpaka lero. Ngati msungichuma wanu ali choncho ayambe msanga za ku rejisito (ofesi yolembetsa kubadwa), isakhale sabata yomaliza.

Pulojeto tilembe bwanji poti Chipwitikizi chimativuta?

Yambani mwalemba m'Chichewa chathu chomwechi, nokha, pa gulu. Vuto ndi chani, likukhudza mabanja angati, mukufuna kuchita chani, ndani adzagwire ntchito iti, zidzadya ndalama zingati, inuyo muikapo chani, ndipo ngati ndi ngongole mudzabweza bwanji komanso liti. Mukatha apo mupeze mphunzitsi kapena mwana wa sekondale amasulire, kenako akuwerengereni mobweza kuti mumve ngati zomwe walemba ndi zomwe munanena. Chomwe ndimakana ine ndi kugula pulojeto yolembedwa kale kwa anthu ojambulitsa mapepala aja, amangosintha dzina la gulu, nde pofunsidwa mafunso wapampando sadziwa nkomwe zomwe zili pa tsamba lachiwiri.

Pa mitengo ya katundu musalote. Pitani kusitolo mukatenge kotasao (pepala la mitengo) yolembedwa, kuwiri kapena kutatu, ndipo yonse ikhale mu metikali olo kuti kwanuko mumagula zinthu ndi makwacha. Muwerengerenso zing'onozing'ono zomwe zimagwetsa magulu. Gulu lina la amayi lomwe ndimalidziwa linapempha ndalama ya chigayo, ndalama inakwana chigayocho ndendende, koma sanaikepo ya galimoto yonyamulira, ya simenti yomangira poikapo injini, ya dizilo woyambira ngakhale ya lamba wapadera. Chigayo chinakhala m'nyumba ya wapampando chitafunditsidwa lona mpaka nyengo yokolola inadutsa, uku tsiku loyamba kubweza likuyandikira. Sikuti anaba, anangowerengera theka. Chimodzimodzi a mbatatesi a ku Tsangano ndi Angónia, musangolemba mbewu ndi feteleza, lembaninso mankhwala opopera, matumba ndi thiransipoti yokafika nayo kumsika, ndipo masiku obweza muwagwirizanitse ndi nthawi yokumba osati mwezi uliwonse ngati ndinu olandira salariyo.

Za 2.75% zija ndi za aliyense?

Ayi, ndi za madera omwe muli migodi. Kuyambira mu 2013 boma limapatula 2.75% ya msonkho womwe makampani amalipira pa zomwe akumba, nkuibweza ku madera okhudzidwa. Kuno kwathu nkhaniyi imamveka kwambiri ku Moatize chifukwa cha malasha, madera ngati Cateme, 25 de Setembro ndi Benga. Mu 2022 lamulo linasintha, gawo lonse linakwera kufika 10%, pomwe 7.25% ndi ya chigawo ndi madistirito ndipo 2.75% ikadali ya anthu a pamalopo.

Ndalamayi sigawidwa m'manja ndipo si ngongole. Imadzera ku boma la distirito ndipo ndi yomangira zinthu za onse, makalasi, chipatala chaching'ono, madzi, msika, msewu. Amene akuyenera kusankha chomanga ndi anthu eni ake kudzera ku konselyo ya lokalidade. Nde abale a ku Moatize, inu amene mumapuma fumbi la malasha tsiku ndi tsiku, ena munasamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo, muli ndi ufulu wonse wofunsa kuti chaka chino zabwera zingati, zamanga chani, kontalakita ndi ndani. Musasokonezenso ndi zomwe kampani imapanga payokha. Kampani ikamanga mjigo ndi ndalama zake sizikutanthauza kuti 2.75% yagwira ntchito, ndi matumba awiri osiyana.

Nanga kwathu kumadulidwa mitengo, magalimoto amatuluka atadzaza, ife tipindula chani?

Lamulo linati 20% ya ndalama za ziphaso zodulira mitengo kapena kusaka nyama ibwerere kwa anthu a dera lomwe zachokera, ndondomeko yake inatuluka mu 2005. Koma sizibwera zokha. Dera likhale ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe yolembetsedwa ku boma, ndipo komitiyo ikhale ndi akaunti ku banki m'dzina la anthu onse. Madera ambiri amaluza chifukwa chosowa ziwirizi basi. A ku Chifunde, Macanga, Marávia, funsani ku SDAE ngati amene akudula kwanuko ali ndi chiphaso komanso ngati komiti yanu ilipo pa mndandanda. Ganizo loti anthu azipindula ndi zachilengedwe zawo si lachilendo kuno, pulogalamu ya Tchuma Tchato inayambira mchigawo chathu chomwechino, ku Mágoè, m'zaka za m'ma 1990.

Ndalama ikafika musaigawane khomo ndi khomo, aliyense amangopeza ya sopo ndi mchere mawa lake yatha, pomwe ikanakwana kufolera sukulu.

Ife tili m'tauni, kwa a shefi a posito sikutikhudza. Tipite kuti?

Mchigawo chino mamunisipiyo ndi Tete, Moatize, Ulónguè, Nhamayabué ndi Chitima yomwe inalowa pa zisankho za 2023. Ngati muli mkati mwa malire a amenewa, nkhani ya ngalande, zinyalala, msika, misewu ya mu bairo ndi ya munisipiyo. Yambirani kwa a sekeretariyo a bairo, lembani kalata yopita kwa a pulezidenti a munisipiyo, musunge kope yodindidwa. Bajeti ya munisipiyo imavomerezedwa ndi asembuleya (nyumba ya oimira anthu a m'tauniyo), ndipo misonkhano ya asembuleya ndi yapoyera, munthu wamba atha kukakhala nkumamvera. Mamembala ake munawavotera ndinu, apezeni. Ndalama za munisipiyo zimachokera ku boma lalikulu komanso m'matumba mwanu momwemo, tikiti ya pamsika ija mumadula m'mawa uliwonse ndi msonkho wa pachaka, nde musamapemphe mwamanyazi ngati mukupempha kwa mlendo.

Wina akuti timupatse kangachepe kuti pepala lathu liyende msanga. Titani?

Musapereke. Olo atanena kuti ndi ya fanta, olo atanena kuti mukalandira mudzandigaireko pang'ono. Taganizani, mwatenga ngongole, wina wadulapo gawo lake, koma pobweza mudzabweza yonse inuyo, iye dzina lake silili paliponse. Ndalama iliyonse yomwe ofesi ya boma ikulipiritsa movomerezeka imakhala ndi lisiti. Palibe lisiti, musatulutse kanthu. Ndipo musamapite munthu mmodzi ku ofesi, pitani awiri kapena atatu, wofuna ziphuphu amachita manyazi pagulu. Zikapitirira kauzeni a administiradolo mwa kalata kapena pitani ku prokuradoriya (ofesi ya oimira boma pa milandu) ya distirito.

Samalaninso ndi mauthenga a pa WhatsApp oti tumizani ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda. Amenewo ndi akuba, boma sililembetsa anthu choncho.

Kodi zimafuna khadi la chipani?

Pa mndandanda wa mapepala palibe khadi la chipani, ndalamazi ndi za misonkho ya aliyense. Sindibisa, nthawi ya 7 miliyoni madandaulo oti ankakondera a mbali imodzi ndi achibale anamveka m'madera ambiri, nchifukwa chake anthu ena anataya mtima. Koma mukakhala kunyumba nkumati bola osayesa, mwawapatsa mpata omwewo. Perekani pempho, sungani kope, ndipo pemphani kuti maina a omwe apatsidwa amatidwe pakhoma komanso awerengedwe pa wailesi ya m'dera.

Ndalama zafika. Tiziyendetse bwanji kuti tisadane?

Akaunti ikhale ya gulu, osayinira atatu, ndipo asakhale a nyumba imodzi. Ndalama isagone pa nambala ya foni ya wapampando olo tsiku limodzi, olo akhale munthu wopemphera chotani, maliro akagwa kapena mwana akadwala munthu amabwereka akuti ndibweza Loweruka, ndipo chidani chimayambira pomwepo. Kaderno imodzi ya zolowa ndi zotuluka, malisiti onse mu envulopu, zomwe zilibe lisiti ngati mchenga kapena ngolo yonyamula njerwa wolandira asayine kapena adinde chala pamaso pa mboni. Mwezi uliwonse msungichuma awerenge pagulu. Amayi a magulu a poupansa (osunga ndi kubwereketsana ndalama) aja omwe bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu makiyi kwa anthu osiyana izi amazidziwa kale, afunseni akuphunzitseni.

Ngati chomwe mwapeza ndi mjigo, sankhani komiti ya madzi tsiku lomwelo ndipo muyambe kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, chifukwa timalabala ta mkati timatha ndipo boma silibwera kudzasintha. Mijigo yambiri yomwe yaima m'midzi mwathumu inafera kachitsulo kotchipa.

Tinapereka pempho kalekale koma zii. Tidikirebe?

Musangodikira. Tengani kope yanu ija yokhala ndi chidindo ndi tsiku, mupite nayo komwe munapereka mukafunse kuti lafika pati. Nchifukwa chake ndimati musasiye pepala pa ofesi popanda kudinditsa kope yanu. Ngati akungokuzungulitsani, lembani kalata yopempha yankho. Pali lamulo la ufulu wodziwa zinthu, Lei 34/2014, lomwe limati ofesi ya boma iyankhe pempho la chidziwitso pasanathe masiku 21, ndipo simukakamizidwa kufotokoza chifukwa chomwe mukufunsira. Mutha kufunsa kuti ndalama zinabwera zingati, anapatsidwa ndani, ife tinakanidwa chifukwa chani.

Akakuuzani kuti mwakanidwa, funsani chomwe chinaperewera, mukonze, mudzaperekenso ulendo wotsatira. Nthawi zina ndi NUIT yokha yomwe inasowa kapena kotasao inali yakale. Ndipo ngati chinali chosowa cha mudzi wonse monga mlatho, chibwezeni pa msonkhano wa povoasao chaka chino kuti chilembedwenso mu akita yatsopano, chifukwa ya chaka chatha ija ikhoza kukhala kuti inatsekeredwa mu kabati limodzi ndi pulani yakale.